Tiyi wopanda shuga wandidanitsa ndi mkamwini wanga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 52, ndipo ndatchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma musandiderere, chifukwa chaka chino ndatenga setifiketi. Setifiketi imeneyo ndi imene yandiputira mlandu, moti Loweruka la sabata ya mawa ndikuyenera kukhala pamphasa pamaso pa ankhoswe, ndipo sindikudziwa kuti pakamwa ndikatsegula bwanji.

Nkhani inayamba chonchi. Kumayambiriro kwa chaka, mlangizi wathu wa zaumoyo, a Angella, anabwera kumsonkhano wa amayi kutchalitchi n'kutiuza kuti pa intaneti pali maphunziro aulere. Akuti anthu ophunzira kwambiri a m'mayunivesite analemba zimene amadziwa n'kuzisiya poyera, kuti aliyense atenge, apatseko mnzake, ngakhale kuzimasulira m'chinenero chake, popanda womuletsa. Ena okoma mtima anazimasulira m'Chichewa n'kuzijambula mawu. Ine poyamba ndinaseka, chifukwa chaulere chimene ndinalandirapo pamoyo wanga ndi chimfine chokha. Koma a Angella anandiikira maphunzirowo pa memori khadi, ndipo ndinayamba kumvera.

Ntchito yathuyi otanganidwa ndi manja, makutu amangokhala. Ndiye ndimamangirira foni m'kansalu pachifuwa, dengu kumsana, n'kumatchola uku mphunzitsi akundilankhula. Ndaphunzira za BP, za kutsuka bala, za kupanga mpondagiya wosambira m'manja, mpaka za kusamala batire la sola kuti lisafe msanga. Mafunso omaliza ndinayankhira pafoni ya a Angella, ndinakhoza, ndipo setifiketi ndinakaisindikiza ku Luchenza n'kuipachika pabalaza, pamwamba pa kalendala. Anzanga a pagulu lotchola anayamba kunditchula kuti Dokotala wa Dengu. Ndisaname, dzinalo linkandikomera.

Phunziro la nambala seveni ndi limene linandizunguza mutu. Linali la matenda a shuga. Mphunzitsi anatchula zizindikiro zake: ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, kuonda munthu akudya bwinobwino, kufooka, ndi bala losapola. Ndinangoima chilili pakati pa mzere wa tiyi, chifukwa munthu amene ankamufotokozayo ndimamudziwa. Ndi a Elijah, amuna a mwana wanga Lestina.

A Elijah ndi mkamwini woti mayi aliyense angamulakelake. Kwawo ndi ku Khonjeni, koma anamanga pakhomo pathu pano monga mwa mwambo, ndipo denga la khitchini yanga anafolera ndi iwo ine osapempha. Amayendetsa thirakitala yonyamula masamba kuchokera kumunda kupita kufakitale. Kale anali munthu wa thupi lake, akakhala pathirakitala mpando unkadandaula. Lero malaya akungolendewera. Amayenda ndi chigubu cha madzi cha malita asanu, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo chimakhala chatha. Miyezi iwiri yapitayo anadzicheka pamwendo ndi chitsulo cha ngolo, ndipo mpaka lero balalo n'lomanga ndi kansalu, munthu akuyenda motsimphina.

Koma Aphungu, za chipongozi mukuzidziwa. Ine ndi a Elijah sitikhala pamphasa imodzi, sitidyera pamodzi. Tikakumana panjira ine ndimapatukira m'tiyi, iwo amavula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Moni timapatsana chapatali, wina atayang'ana mtengo wa mapeyala, wina khola la mbuzi. Takhala chonchi zaka zisanu ndi zitatu mwamtendere. Ndiye ndikanayambira pati kuwafunsa apongozi anga za madzi amene amataya? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndinati ndiyambe ndatsimikiza kaye, paja mphunzitsi anati wazaumoyo wabwino amaonetsetsa asanalankhule. Tsiku lina thirakitala yawo ikunyamula masamba kumunda wathu, ndinapangana ndi mtima wanga kuti ikangoima, iwo n'kutsika kulowera m'mabulugamu, ine ndiziponya kansonga ka tiyi m'thumba la epuloni. Pofika masana ndinapeza tinsonga naini. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinamuonetsa Fainess, mnzanga wotchola mzere woyandikana ndi wanga. Ndinamulumbiritsa ndithu. Iye anati, "Mwandiyesa wailesi kodi ine? Zathera pompano izi." M'mawa mwake thirakitala itangoima, gulu lonse la amayi makumi atatu linakuwa kuti, "Wani!" Itaimanso, "Thuu!" Pofika pa sikisi, ngakhale kapitawo wathu, munthu wosaseka ndi pa Khirisimasi pomwe, anali atagwira m'mimba. A Elijah anangotsitsira chipewa kumaso. Kuyambira tsikulo amazungulira njira yaitali ya kuseri kwa chitunda kuti azikaima kopanda owerenga, ndipo ndamva kuti alandira kale chenjezo chifukwa masamba akumafika kufakitale mochedwa, atayamba kupsa.

Ndinayesa kudzera kwa Lestina. Mwana wanga anaika manja m'chiuno n'kunena kuti, "Amayi, zoona inu mukuwerenga maulendo akuthengo a amuna anga? Thirakitala imatentha, munthu asamwe madzi?" Nditatchula za bala, mawu ake anatsika. Anati, "Akapita kukiliniki ya kampani n'kukawapeza ndi matenda, akawatsitsa pathirakitala. Ana atatuwa mudzawadyetsa setifiketi yanuyo?" Mantha amenewo inenso ndimawadziwa.

Kenako ndinapeza nzeru ina. Lamulungu masana ndinakhala pakhonde kusenda nandolo, foni nditaiika mumphika wopanda kanthu kuti mawu akule, kukamwa kwa mphikawo nditakulozetsa kunyumba kwawo. Phunziro la seveni ndinalibwereza kanayi. Amene anapindula ndi a Anesi oyandikana nafe, omwe anathamangira kuchipatala Lolemba n'kukapezeka kuti shuga alibe koma BP ndiyo yakwera, ndipo pano akumwa mankhwala. A Elijah anangotseka zenera.

Ndiye ndinati poti pakamwa patsekedwa, manja agwire ntchito. Chiyambire ukwati wawo, Lamulungu lililonse m'mawa ndimawatumizira apongozi anga tiyi wa mkaka m'fulasiki, shuga masupuni sikisi momwe amakondera, ndi mbale ya zitumbuwa kapena chinangwa. Ndikaphika thobwa, chikho choyamba n'chawo. Umu ndi momwe ine ndimanenera kuti muli pakwanu, popanda kutsegula pakamwa. Koma phunziro linati wodwala shuga achepetse zotsekemera. Basi ndinatumiza tiyi wopanda shuga, wopanda mkaka, ndi kambale ka mpiru wowiritsa. Thobwa ndinalekeratu. Ndinachita zimenezi masabata atatu, mtima uli mbee, ndikudziona ngati wopulumutsa moyo.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu kuno mkamwini sathamangitsidwa ndi mawu. Amaonera mbale. Mbale ikayamba kuchepa, amadziwa yekha kuti akuuzidwa kuti amange katundu. Lamulungu lachitatu fulasiki inabwerera yodzaza, Lestina maso ali psuu. Anati, "Akuti zikomo, amva. Munayamba n'kuwaseketsa kumunda, kenako kuwaimbira wailesi ya matenda ngati mukuwalosera, lero mwawamana ndi shuga yemwe. Akuti mukanangonena kuti malo anu mukuwafuna." A Elijah akadandaula kale kwa amalume awo ku Khonjeni, omwe ndi ankhoswe awo, ndipo mbuzi zawo ziwiri asamutsa kale. Lestina akuti amuna ake akanyamuka iye atsatira, ndi adzukulu anga atatu.

Aphungu, ndikulemba moseka, koma kunena zoona ndili ndi mantha. Kundiseka andiseke, setifiketi ndikhoza kuyatsira moto. Chimene ndikufuna n'chimodzi: munthuyu akabayitse chala amuyeze, mwendo uja usanafike poipa. Phunziro linafotokoza zimene zimachitika bala la wodwala shuga likalekereredwa, ndipo gawo limenelo ndinalimvera kamodzi kokha, sindinalimbe mtima kulibwereza. Akapita ku Khonjeni atakwiya chonchi, ndani akawauze?

Loweruka ankhoswe akandifunsa chifukwa chimene ndinachotsera shuga, ndikayankhe chiyani? Ndikatchule zakuthengo pamaso pa apongozi ndi amuna anzawo? Kapena ndingopepesa, ndibweze masupuni sikisi aja, n'kumangoyang'ana? Chonde ndithandizeni.

E.N., Masambanjati, Thyolo

Mayi E.N.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, koyamba ndikuseka mpaka misozi, kachiwiri nditasiya kuseka. Setifiketi isiyeni pakhoma pomwepo. Munthu amene waphunzira za BP ndi batire la sola dengu lili kumsana ndi wofunika kumuombera m'manja, ndipo maphunzirowo ntchito yake agwira: akutsegulani maso, mwaona chimene anthu makumi atatu akungochiseka. A Anesi akuthokozeni.

Koma tiuzane zoona. Phunziro linakupatsani zizindikiro, silinakupatseni chipatala. Inu mwadumpha kuchoka pa kukayikira kufika pa kupereka chithandizo, wodwala wake osadziwa n'komwe kuti wagonekedwa. Zimene mwaona mwa a Elijah zikufanana kwambiri ndi shuga, ndipo mukuchita bwino kuda nkhawa, koma pali matenda ena oondetsa munthu ndi kuchedwetsa bala. Chotsimikiza ndi magazi, osati tinsonga ta m'thumba la epuloni. Komanso ngakhale atakhala shuga, tiyi wowawa wa Lamulungu lokha sangachize munthu amene masiku ena asanu ndi limodzi akumwa wa kwa mkazi wake. Mwataya mtendere wa pakhomo pogula mankhwala osagwira.

Ndipo chimene chawapweteka a Elijah si shuga ayi. N'chakuti nkhani ya thupi lawo yafika kwa Fainess, kwa amayi makumi atatu, kwa kapitawo, kwa oyandikana nanu, koma kwa mwiniwake sinafike. Mwamuna wamkulu, bambo wa ana atatu, kumuwerengera mokuwa akamapita kuthengo! Mukanakhala inu mukanasamutsa mbuzi zokha? Bwererani pa memori khadi yanuyo, mupezapo phunziro la kusunga chinsinsi cha wodwala. Limenelo ndiye muliike mumphika, kukamwa kwake mutakulozetsa kwa inu nokha.

Tsono Loweruka musalidikire. Amati mlandu suola, koma bala limaola. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo pano amene waona ngozi ndinu. Lero lomwe pitani kwa nkhoswe ya mbali yanu, amalume ake a Lestina. Ameneyo ndi m'bale wanu, palibe chipongozi pakati panu, ndiye muuzeni zonse mosabisa mawu, za chigubu, za mabulugamu, za mwendo. Mumvetsereni phunziro la seveni lonse, ndi gawo lija mumaliopalo. Kenako iye akwere kabaza apite ku Khonjeni akakambe ndi amalume a a Elijah, amuna okhaokha. Mwambo umene unakutsekani pakamwa ndi womwewo unakupatsani ankhoswe kuti azikulankhulirani. Inu munagwiritsa theka lake lokha.

Mukatero, pamphasa pa Loweruka simukafunika kutchula thengo ngakhale kamodzi, chifukwa akuluakuluwo adzakhala akudziwa kale. Inu mukangoti, "Ndinaona bala losapola ndi thupi likutha, ndinachita mantha, ndipo ndinalakwitsa njira. Ndinawachititsa manyazi apongozi anga pagulu, andikhululukire. Pakhomo pano ndi pawo." Mukafika pamenepo tsekani pakamwa. Musawonjezere "koma", musatchule yunivesite, ndipo setifiketi isapite nawo kubwaloko.

Mwendo nawo sungadikire ankhoswe. Apempheni a Angella akawaone a Elijah mwakachetechete, kunyumba, inu mutapita kumsika. Iwo ndi ntchito yawo, ndipo alibe chifukwa chopatukira m'tiyi. Ngati vuto ndi kiliniki ya kampani, chipatala cha boma chiliponso, ndipo a Angella adziwa komwe kachipangizo koyezera shuga kakupezeka. Kuyezako n'kubaya kunsonga kwa chala, kuwawa kwake sikufika pa kuluma kwa linthumbu.

Kwa Lestina pitani ngati mayi, udokotala muusiye pakhomo. Mwana wanuyo sakukutsutsani ayi. Iye ndi amene amachapa malaya olendewerawo, ndipo akudziwa kuposa inu. Akungoopa. Mukhazikeni pansi mumuuze kuti alipo ambiri odwala shuga amene akumwa mankhwala n'kumagwira ntchito zawo zaka ndi zaka, ena mwa iwo madalaivala. Sindingakulonjezeni zimene mabwana angaganize, koma chimene chimatsitsa munthu pathirakitala motsimikizika ndi matenda osachizidwa: maso kuchita chifunga, thupi kulefuka pamtsetse ngolo itadzaza. Chenjezo limene alandira kale silinachokere kukiliniki.

Kuti a Elijah asaoneke ngati olozedwa chala, yambani ndinu. Pa zaka 52 kuyezetsa kukukuyenerani, ndipo n'zosavuta kuti mwamuna atsatire njira imene apongozi ake adutsamo kale. Amayi owerenga aja nawo ali ndi mlandu woti akonze. Kambiranani ndi a Angella ndi kapitawo kuti pakhale tsiku loyeza gulu lonse, aliyense amene anakuwa nambala apereke chala. Fainess akhale woyamba pamzere, ndipo musamuuziretu tsiku lake, angalilengeze mpaka ku Luchenza.

Fulasiki ibwerere Lamulungu likubwerali, ndi mkaka wake, ndi chinangwa chake. Shuga muike padera m'kambale, supuni pambali. Thupi ndi lawo, asankhe okha, ndipo akadzamva kuchokera kwa achipatala adzachepetsa popanda wowalanda. Muperekenso nkhuku. M'mabanja ambiri nkhuku yoperekedwa pamaso pa ankhoswe imamasula pakamwa pakati pa apongozi, kuti pa nkhani ya matenda ndi mavuto azitha kulankhulana, ulemu uli pomwepo. Funsani akuluakulu a kwanu ngati nawonso amatero. Zaka zisanu ndi zitatu ndi adzukulu atatu n'zokwanira kuti munthu aleke kupereka moni kwa mtengo wa mapeyala.

Zonsezi zikadzatha, ndili ndi ntchito ina yoti ndikupatseni. Amene analemba maphunziro aja amadziwa za magazi, koma za mbale ya mkamwini sakuzidziwa. N'chifukwa chake anawasiya otsegula, kuti anthu ngati inu aziwonjezera zimene zikusowa. Mudzakhale pansi ndi a Angella mujambule phunziro lanu, la momwe munthu angachenjezere wodwala amene mwambo sumulola kulankhula naye. Musadzatchule dzina la munthu kapena thirakitala. Si inu nokha m'dziko muno amene muli ndi mpongozi wotsimphina.

Chenjezo langa ndi ili. Musayese kuwaphikira a Elijah masamba owawa, musabwereke mapiritsi kwa wina aliyense, ndipo pabalapo pasaikidwe phulusa kapena mankhwala a pamsika. Mukaona mwendo watupa, bala layamba kununkha kapena kuda, thupi latentha, akusanza, kapena akungosinza ndi kulankhula zosokonekera, imeneyo si nkhani ya ankhoswe. Itanani njinga yamoto nthawi yomweyo, ndipo ngati palibe wina wowagwirira kumbuyo, kwerani inuyo muwagwire. Anthu adzanena sabata imodzi, kenako adzapeza china.

Ulemu wa chipongozi ndi wabwino, mayi, ndipo sindikuti muutaye. Koma unaikidwa kuti usunge anthu amoyo. Musalole kuti tsiku loyamba kumuyandikira mkamwini wanu n'kumuyang'ana kumaso likhale la mwambo woona nkhope.

Aphungu